Mafunso ndi mayankho pa za kuchulukitsa magetsi opangidwa ndi mabakiteriya m'minda ya mpunga

Kodi n'zoona kuti matope a m'munda wa mpunga angatulutse magetsi?

N'zoona, ndipo maziko ake anadziwika kalekale. M'chaka cha 1911, katswiri wa zomera wa ku Durham ku England, M. C. Potter, anasonyeza kuti mabakiteriya ndi yisiti amatulutsa magetsi ochepa akamaphwanya chakudya chawo. Chipangizo chokolola magetsi amenewa chimatchedwa microbial fuel cell, mwachidule MFC.

Za minda ya mpunga zinamveka kwambiri m'chaka cha 2008. Ku Japan, Nobuo Kaku, Kazuya Watanabe ndi anzawo anaika chipangizochi m'munda weniweni wa mpunga n'kulengeza kuti chikutulutsa magetsi. M'chaka chomwecho, ofufuza a ku Ghent University ku Belgium anachita zofanana ndi mpunga wodzalidwa m'zotengera, ndipo David Strik ndi anzake ku Wageningen ku Netherlands anayesa ndi udzu wa m'madambo wotchedwa Glyceria maxima.

Chipangizochi chimagwira ntchito bwanji?

Munda wa mpunga ukadzazidwa madzi, mpweya wa okosijeni umatha msanga m'matope, kusiyapo kachigawo kopyapyala kapamwamba. Pansi pake pamakhala mabakiteriya amene amadya zinthu zowola popanda okosijeni. Chamoyo chilichonse chikamagaya chakudya chimamasula timphamvu totchedwa maelekitironi, ndipo chiyenera kupeza kokatula timphamvuti. Anthufe timatula maelekitironi pa okosijeni amene timapuma, pomwe mabakiteriya ena a m'matope amawatula pa dzimbiri la chitsulo limene lili m'nthaka.

Wopanga chipangizo amangopezerapo mwayi pa khalidwe limeneli. Amakwirira m'matope nsalu yokhuthala ya kaboni, imene imatchedwa anode, ndipo mabakiteriya amaikuta n'kuyamba kutula maelekitironi pa iyo m'malo mwa dzimbiri lija. Nsalu yachiwiri, yotchedwa cathode, imaikidwa pamwamba pa madzi pamene pali mpweya. Ziwirizi zikalumikizidwa ndi waya, maelekitironi amachoka ku anode, kudutsa m'wayamo, n'kukafika ku cathode kumene amaphatikizana ndi okosijeni n'kupanga madzi. Kuyenda kwawo m'wayamo ndiwo magetsiwo. Pa nthawi yomweyo tizigawo tina totchedwa maayoni timayenda m'matope ndi m'madzi pakati pa nsalu ziwirizi, ndipo ulendo wachiwiriwu, ngakhale suoneka, ndi umene umadya gawo lalikulu la mphamvu, monga tifotokozere pansipa pa funso la zolepheretsa.

Mabakiteriya ake ndi otani, ndipo kodi amachita kugulidwa?

Sagulidwa, chifukwa ali kale m'matopemo. Odziwika kwambiri ndi a mtundu wa Geobacter, umene Derek Lovley anaupeza m'chaka cha 1987 m'matope a mtsinje wa Potomac ku United States. Ofufuza a ku Japan atasanthula zimene zinamera pa anode za m'minda ya mpunga anapeza kuti a banja la Geobacter ndiwo anachuluka poyerekeza ndi matope ozungulira, ndipo a ku Ghent anapezanso ena ofanana ndi mtundu wa Desulfobulbus.

Mabakiteriyawa sagwira ntchito okha. Ena amayamba aphwanya shuga ndi zotsalira za mizu n'kupanga tiasidi tating'ono monga acetate, kenaka a Geobacter amadya acetate ameneyo. N'chifukwa chake kuthira mtundu umodzi wa mabakiteriya wochokera ku labotale sikuthandiza kwenikweni m'munda, pakuti alendowo amapikisana ndi eni nthaka ndipo nthawi zambiri amagonja. Chofunika ndi kuwapatsa nthawi: chipangizo chongoikidwa kumene chimatenga masiku angapo, mwinanso masabata, kuti anode ikutidwe bwino ndi kuti magetsi akhazikike.

Nanga mpungawo umathandizapo chiyani?

Mpunga ndiwo umadyetsa mabakiteriya. Gawo lina la chakudya chimene masamba amapanga ndi kuwala kwa dzuwa limatsikira ku mizu n'kutulukira m'nthaka ngati shuga, tiasidi ndi zotsalira za mizu yakufa. Kafukufuku wa ku Ghent anapeza kuti zotengera zokhala ndi mpunga zinkatulutsa magetsi owirikiza pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi zamatope okhaokha.

Zimene anaona a Kaku ndi anzawo m'munda muja zikuonetsa bwino ubalewu. Magetsi ankakwera masana n'kutsika usiku. Atatchinga mpunga kuti dzuwa lisaufike, magetsi anatsika ngakhale kunali masana, ndipo atathira acetate pafupi ndi anode kuli mdima, magetsi anakwera. Anapezanso kuti mizu inali italowerera m'nsalu ya anode. Komabe si bwino kuganiza kuti kukwera konse kwa masana kumachokera ku mizu, chifukwa masana madzi amatentha, ndere za m'madzi zimatulutsa okosijeni pafupi ndi cathode, ndipo zonsezi zimakwezanso magetsi.

Magetsi ake amachuluka bwanji?

Ndi ochepa kwambiri, ndipo izi ziyenera kunenedwa mosabisa. Chipangizo choyamba cha ku Japan chinafika pafupifupi mamiliwati 6 pa sikweya mita imodzi ya anode. M'chaka cha 2010, gulu la Watanabe litasintha zina ndi zina linafika pafupifupi mamiliwati 14, ndipo m'zaka zotsatira anafika mamiliwati makumi angapo. Miliwati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati imodzi.

Tiyerekeze kuti chipangizo chikutulutsa mamiliwati 10 pa sikweya mita usana ndi usiku osalekeza. Batire la foni yamakono limasunga mphamvu yofanana ndi mawati 12 kapena kuposerapo ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Kuti lidzaze m'tsiku limodzi pangafunike anode ya masikweya mita 50, ndipo apo sitinawerengere mphamvu yotayika m'njira. Sola ya sikweya mita imodzi imatulutsa mawati oposa 150 dzuwa likakhala paliwombo. Choncho aliyense wolonjeza kuti munda wa mpunga uwalitsa mudzi wonse akunena zimene palibe amene wazisonyeza.

Chimalepheretsa kuti magetsi achuluke n'chiyani?

Ambiri amathamangira kuimba mlandu mabakiteriya, koma kawirikawiri vuto silikhala kumeneko. Mwa chiwerengero cha sayansi, kusiyana kwa mphamvu pakati pa acetate ndi okosijeni ndi pafupifupi 1.1 volt, ndipo palibe chipangizo chimodzi chamtunduwu chimene chingapyole pamenepo. M'munda, chipangizo chabwino chimaonetsa pakati pa 0.6 ndi 0.8 volt chisanalumikizidwe ku kanthu, ndipo chikalumikizidwa chimatsika kwambiri. Funso lenileni ndi lakuti mphamvu yotsalayo ikutayikira kuti.

Malo oyamba ndi ku cathode. Okosijeni salandira maelekitironi mwachangu pa kaboni wamba, komanso m'madzi mumasungunuka okosijeni wochepa zedi, pafupifupi mamiligalamu 8 pa lita imodzi, ndipo madzi akatentha amacheperachepera. Zili ngati ngalande yodzaza madzi koma potulukira pake pali pothina: kuonjezera madzi kumtunda sikuchulukitsa otuluka. Malo achiwiri ndi m'matope ndi m'madzi momwemo, chifukwa madzi a m'munda wa mpunga alibe mchere wambiri, motero maayoni amayenda movutikira, ndipo mtunda pakati pa nsalu ziwiri zija ukatalika mphamvu yambiri imathera m'njira. Malo achitatu ndi kwa opikisana nawo. Chakudya chimene mizu imatulutsa chimalimbiranidwa ndi tizilombo topanga mpweya wa methane ndi mabakiteriya ena ambirimbiri, ndipo mizu ya mpunga imatulutsanso okosijeni pang'ono, amene amalanda maelekitironi asanafike pa anode.

Mwa zitatuzi, cathode ndi imene munthu angaisinthe mosavuta, ndipo n'kumene kafukufuku wa ku Japan wakhala akuloza mobwerezabwereza.

Ndiye cathode ingakonzedwe bwanji?

Choyamba ndi malo ake. Cathode yomira pansi pa madzi imabanika, pomwe youmiratu imaduka ku njira ya maayoni ndipo magetsi amaima. Malo abwino ndi pamwamba penipeni pa madzi, mbali ina itanyowa ndipo ina ikukhudza mpweya. Popeza madzi a m'munda amakwera ndi kutsika, ofufuza amamangirira cathode ku tizinthu toyandama kuti izitsatira madziwo yokha. Kanthu kameneka kamaoneka kachabechabe, koma chipangizo choyesera chingafe chifukwa cha iko: mvula ikagwa usiku cathode imamira, m'mawa matope n'kukhala ataikuta, ndipo mita imaonetsa pafupifupi ziro ngakhale kuti mabakiteriya pansipo ali bwinobwino.

Chachiwiri ndi chofulumizitsa, kutanthauza chinthu choikidwa pa cathode kuti okosijeni azilandira maelekitironi msanga. Kupaka cathode ndi platinum kunakweza magetsi kwambiri m'kafukufuku wa 2010 uja, koma platinum ndi wokwera mtengo zedi, ndipo m'madzi amatope amafooka pakapita nthawi chifukwa cha sulfure ndi zinyalala zimene zimamukuta. Pa chifukwa chimenechi ofufuza ambiri atembenukira ku zotchipa, monga makala okonzedwa mwapadera otchedwa activated carbon, manganese dioxide, ndi kaboni wosakaniza ndi chitsulo ndi nayitirojeni. Zimenezi sizifika pa platinum watsopano, koma zimakhalitsa, ndipo pa chipangizo chimene chiyenera kukhala m'munda nyengo yonse, kukhalitsa n'kofunika kuposa chiwerengero chachikulu cha tsiku loyamba.

Chachitatu ndi kukula kwake. Ngati cathode ndiyo ikuchedwetsa, nzeru ndi kuikulitsa kuti ikhale yofanana ndi anode kapena kuiposa, osati kumangokulitsa anode. Pali malire ake, chifukwa cathode yaikulu imaphimba madzi ndipo imapanikiza mapesi a mpunga akamaphukira, choncho kawirikawiri imaboledwa pakati kuti phando la mpunga lidutse.

Anode ikwiriridwe mozama bwanji, ndipo ipangidwe ndi chiyani?

Apa pali kukokana kwa zinthu ziwiri. Anode ikakhala pamwamba kwambiri okosijeni amaifika ndipo mabakiteriya ofunika aja sakhazikika. Ikapita pansi kwambiri imatalikirana ndi cathode komanso ndi mizu. M'minda yoyesera ya ku Japan anode inkakwiriridwa masentimita ochepa chabe, monga 5, pamalo pamene mizu imachuluka. Nthawi yabwino yoikwirira ndi pookera mbande, matope akadali ofewa, kuti mizu ikule ikulowa m'nsaluyo, chifukwa kuikwirira mpunga utakula kumadula mizu.

Chogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi nsalu yokhuthala ya graphite, umene ndi mtundu wa kaboni, chifukwa siichita dzimbiri, imadutsa magetsi bwino, ndipo ulusi wake umapatsa mabakiteriya malo ambiri okhalapo. Makala otenthedwa pa moto waukulu, kuphatikizapo opangidwa ndi mankhusu a mpunga, ayesedwanso, ngakhale kuti makala ophikira wamba nthawi zambiri sadutsa magetsi mokwanira. Polumikizira waya ndi pamene ambiri amalakwitsa. Waya wa kopa wosakutidwa amadyeka m'matope, amaipitsa nthaka ndi kupha mabakiteriya, ndiponso akamadyeka amatulutsa magetsi akeake amene amanyenga woyeza. Ofufuza amagwiritsa ntchito waya wa titanium kapena chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo ngati kopa agwiritsidwa ntchito, polumikizirapo pamamatidwa kuti madzi asalowe.

Bwanji osangoyala nsalu yaikulu m'munda wonse?

Chifukwa magetsi sachuluka molingana ndi kukula kwa nsalu. Anode ikakula, magetsi onse amakwera ndithu, koma otuluka pa sikweya mita iliyonse amatsika, popeza maelekitironi ochokera m'mphepete amayenda mtunda wautali m'nsalumo asanafike pa waya, ndipo mbali zina za nsalu zimakhala kutali ndi cathode. Ziwerengero zazikulu zimene zimalengezedwa nthawi zambiri zimachokera ku tizipangizo tating'ono, choncho n'kulakwa kuzichulukitsa ndi kukula kwa hekitala n'kunena kuti munda ungatulutse zakutizakuti. Njira yabwinoko ndi kukhala ndi tizipangizo tambiri tating'ono, kalikonse ndi waya wake. Palinso nkhani ya ulimi weniweniwo, pakuti munda wodzaza nsalu ndi mawaya ndi wovuta kuupalira, kuukolola ndi kuulimanso.

Kodi zipangizo zambiri zingalumikizidwe motsatizana ngati mabatire a mu tochi?

M'munda umodzi zimenezi sizigwira bwino. Mabatire a mu tochi ndi otsekedwa, lililonse palokha, pomwe zipangizo za m'munda zimagawana madzi ndi matope omwewo, motero magetsi amadutsa njira yachidule m'madzimo m'malo mophatikizana. Komanso chipangizo chimodzi chikafooka, zinzake zimachikankha mpaka mphamvu yake kutembenuka, zomwe zimawononga mabakiteriya a pa anode yake.

Chochitika n'chakuti zipangizozo zimalumikizidwa mbali ndi mbali, ma anode onse pamodzi ndi ma cathode onse pamodzi, kenaka magetsiwo amapita ku kachipangizo kokweza volt, kamene kamatenga 0.3 kapena 0.4 volt n'kuikweza kufika pa 3.3 volt. Mphamvuyo imasonkhanitsidwa pang'onopang'ono mu supercapacitor, kachipangizo kosunga magetsi ngati kabatire, ndipo ikakwana imagwiritsidwa ntchito kwa kanthawi kochepa, kenaka kudikiranso. Katundu amene chipangizo chikusenza ayeneranso kusankhidwa mosamala, chifukwa mphamvu imatuluka yochuluka kwambiri pamene resistance yakunja, kutanthauza mmene katunduyo amapingira kuyenda kwa magetsi, ikufanana ndi ya m'kati mwa chipangizocho, ndipo kafukufuku wa 2010 anatchula zimenezi pakati pa zinthu zosintha kwambiri zotsatira.

Kodi kuthira manyowa, mapesi kapena feteleza kumathandiza?

Manyowa ndi mapesi owola amaonjezera chakudya cha mabakiteriya, ndipo angakweze magetsi makamaka kumayambiriro mizu isanakule. Koma chakudya chomwecho chimadyetsanso tizilombo topanga methane, kotero phindu la mbali imodzi limabweretsa vuto mbali ina. Ndiponso ngati cathode ndiyo yafooka, chakudya choonjezeracho sichisintha kanthu.

Feteleza amathandiza maayoni kuyenda, koma amene ali ndi nitrate kapena sulfate amapatsa mabakiteriya malo ena otulira maelekitironi, ndipo magetsi angatsike kwa kanthawi. Kuthira mchere n'kosayenera konse. N'zoona kuti zipangizo zoyesedwa ndi udzu wa m'madzi amchere, monga Spartina anglica ku Wageningen, zinatulutsa magetsi ochulukirapo, koma mpunga supirira mchere, ndipo nthaka ikalowa mchere siichira msanga. Munda uthiridwe feteleza molingana ndi zofuna za mpunga, chipangizo chizingotsatira.

Chimachitika n'chiyani madzi akaphwa m'munda?

Matope akauma n'kung'ambika, mpweya umalowa mpaka pa anode ndipo magetsi amatsika kapena kuimiratu. Madzi akabwerera chipangizo chimatsitsimuka, koma pamatenga masiku. Izi zikutsutsana ndi njira zina zabwino za ulimi. Alimi a ku Japan amaphwetsa dala minda yawo pakati pa nyengo kuti mizu ilimbe, ndipo bungwe la International Rice Research Institute la ku Philippines limalimbikitsa kuthirira mosinthanasinthana ndi kuumitsa pofuna kusunga madzi ndi kuchepetsa methane. Palibe chifukwa chosiyira njira zimenezi pofuna mamiliwati ochepa. Mpunga ukakololedwa, chipangizo chimangopuma mpaka nyengo ina.

Kodi n'zoona kuti chipangizochi chimachepetsa mpweya wa methane?

Minda ya mpunga imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya methane yense wochokera ku zochita za anthu, ndipo methane amasunga kutentha kowirikiza pafupifupi ka 28 poyerekeza ndi carbon dioxide pa zaka 100. Popeza mabakiteriya a pa anode amadya acetate yemweyo amene tizilombo topanga methane timafuna, n'zomveka kuyembekezera kuti methane achepa, ndipo m'zotengera za mu labotale zimenezi zaonekadi. M'munda weniweni nkhani ndi ina, chifukwa anode imakhudza matope oyandikana nayo okha, pomwe methane akupangidwa m'munda monse. Pakadali pano kuphwetsa madzi kumene kwatchulidwa pamwambapa ndiko kumachepetsa methane mooneka, ndipo sikufuna kugula nsalu iliyonse.

Kodi mpunga sungawonongeke kapena kukhala woopsa kudya?

Magetsi osafika volt imodzi sangagwire munthu, nsomba kapena mbewu, ndipo chakudya chimene mabakiteriya amadya ndi chimene mizu yatulutsa kale. Choyenera kusamala ndi zipangizo zoikidwa m'matope, monga kopa amene tamutchula pa funso la anode, komanso zidutswa za pulasitiki zoyandamitsira cathode, zimene ziyenera kuchotsedwa pokolola.

Ngati magetsiwo ndi ochepa chotero, angagwire ntchito yanji?

Angagwire ntchito zosafuna mphamvu yambiri, pamalo pamene kusintha mabatire n'kovuta. Chitsanzo chinaoneka m'mtsinje wa Potomac, kumene ofufuza a Naval Research Laboratory anayendetsa chipangizo choyeza nyengo ndi magetsi ochokera m'matope a pansi pa mtsinje. Ku Netherlands, kampani ya Plant-e, imene David Strik ndi Marjolein Helder anayambitsa m'chaka cha 2009, yayatsapo timagetsi ta LED ndi mphamvu yochokera ku zomera. M'munda wa mpunga, ntchito yoyenera ndi ya kachipangizo koyeza kuya kwa madzi kapena kutentha kwa nthaka, kamene kamagona nthawi yambiri n'kudzuka kamodzi pa ola kutumiza uthenga.

Ntchito imeneyi ingakhale ndi tanthauzo m'masikimu a mpunga monga Limphasa ku Nkhata Bay, Bwanje ku Dedza, Domasi, kapena Hara ndi Wovwe ku Karonga, kumene kugawana madzi n'kofunika ndipo kudziwa msanga gawo limene laphwa kungathandize. Kutentha kwa m'madera amenewa kumakomera mabakiteriya. Komabe kasola kakang'ono kangachite ntchito yomweyo motchipa, ndipo chimene chipangizo cha m'matope chimaposera sola n'chakuti chimagwirabe usiku, sichitchingidwa mpunga ukatalika, ndipo sichikopa maso a akuba. Minda yodalira mvula yokha, imene madzi ake amabwera ndi kupita, siiyenerera kwenikweni.

Wofuna kuyesa, monga wophunzira kapena mlangizi, angadziwe bwanji kuti wachulukitsadi magetsi?

Asadalire volt imene mita ikuonetsa chipangizo chisanalumikizidwe ku kanthu, chifukwa ngakhale chipangizo chofooka chingaonetse 0.6 volt. Alumikize resistor, kachipangizo kopinga kuyenda kwa magetsi, pakati pa mawaya awiriwo, adikire mpaka chiwerengero chikhazikike, kenaka ayeze volt m'mbali zake. Mwachitsanzo, 0.4 volt pa resistor ya ma ohm 1,000 ikutanthauza mamiliampiya 0.4, ndipo kuchulukitsa ziwirizi kumapereka mamiliwati 0.16. Ngati anode yake ndi ya masentimita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, ndiye kuti chipangizocho chikutulutsa mamiliwati 8 pa sikweya mita.

Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, akhale ndi zipangizo zitatu kapena kuposerapo za mtundu uliwonse popeza matope amasiyana ngakhale m'munda umodzi, ndipo asiye chimodzi pamalo opanda mpunga kuti aone gawo la mizu. Ayeze pa maola ofanana tsiku lililonse kuyambira pookera mpaka pokolola, alembenso kuya kwa madzi ndi kutentha kwake. Polengeza zotsatira atchule ngati wawerengera pa kukula kwa anode, kwa cathode kapena kwa malo obzalidwa, chifukwa chipangizo chimodzimodzicho chimapereka ziwerengero zitatu zosiyana malinga ndi chimene wasankha.